Holda ya Chubu ndi Nyumba ya ku Area 18

1978: Tsiku loyamba

Ana anga, za ubwana wanga kwathu ku Mitundu ndazidumpha dala, chifukwa ubwana wa kumudzi ndi umodzi: mbuzi, munda wa fodya ndi zipsera m'miyendo. Ndiyambira pa tsiku limene ndinalowa ntchito ya zamagetsi ku bungwe lina losamalira maofesi ndi nyumba za mabwana muno mu Lilongwe. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, satifiketi ya umisiri ili m'envelopu, ndipo ndinkadzimva ngati magetsi ndinawabereka ndine. City Centre inali ikumera kumene. Ukaima pamtunda unkaona nyumba zosanja zikutuluka m'tchire, fumbi lofiira lili koboo, ndipo nyumba iliyonse inkafuna mizeremizere ya magetsi a machubu, aja aatali oyera. Ife malo athu ogwirira ntchito anali ku Old Town, cha ku Area 4, m'shedi ya malata imene mwezi wa Okutobala inkawotcha ngati uvuni.

Kapitawo wathu anali a Munthali, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu wamfupi amene ankavala malaya oyera ngakhale pokwera kudenga. Ndinkayembekeza kuti andipatsa makwerero ndi pulayazi. Iwo anandipatsa mpando ndi kanthu koyera, kofanana kukula ndi bokosi la machesi.

"Kachingwe, ichi n'chiyani?"

"Holda, bwana."

"Imachita chiyani?"

"Imagwira chubu kuti chisagwe."

"Basi?"

"Basi, bwana."

"Ngakhale luzi lingagwire chubu kuti chisagwe. Khala pamenepo, uiphwasule. Ukaona chimene ikusiyana ndi luzi, undiitane."

Ndinakwiya, sindinama. Anzanga anakwera lole kupita ku City Centre, ine wa satifiketi n'kutsala ndi kachidole. Koma poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinayamba kukayang'anitsitsa. Inu mukudziwa kuti chubu chili ndi timapini tiwiri kumapeto aku ndi tiwiri kumapeto uko, ndipo holda ndi kamutu koyera kamene timapinito timalowamo. Pakati pake pali kampata kowongoka, ndipo m'kati mwa kampatako muli kagudumu kozungulira. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza timasamba tiwiri ta mkuwa, tobisika m'mbali, kutali ndi khomo. Timasambato ndi timene timakhala ndi moto. Ndinayesa kutifikira ndi chala chaching'ono kudzera kutsogolo, ndinalephera. Ndinayesa ndi chikhadabo, ndinalepheranso. Timapini tikalowa sitikhudza kanthu mpaka munthu atapotoza chubu pang'ono. Pamenepo kagudumu kamatembenuka, mkuwa n'kuluma timapini, ndipo m'zala umamva kuti khe, kukuuza kuti chafika, usapitirire. Kumbuyo kunali kasipuling'i kokankha holda kuti ikumane ndi chubu ngakhale chitafupikirako. Ngakhale timabowo ta mawaya tinali ndi nzeru zake: waya ukaulowetsa umalowa mosavuta, ukaukoka umakana.

Masana a Munthali atabwera anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati ndaona theka. Anayatsa chubu chimene chinali pabenchi, nandiuza kuti ndichichotse swichi ili choyaka. Ndinazengereza, koma ananditsinzinira diso, ndiye ndinagwira pakati n'kupotoza. Chinazima pomwepo, chisanatuluke n'komwe.

"Waona? Kupotoza kumodzi kwadula moto uku ndi uko nthawi imodzi. Sungatulutse mbali imodzi inayo ikadali ndi moto. Munthu amene anapanga kanthu aka sakukudziwa, mwina ngakhale Malawi sanamumvepo. Koma anakhala pansi n'kuganiza kuti tsiku lina munthu wotopa adzakwera pampando osazimitsa swichi, manja ali onyowa. Anamuganizira munthu ameneyo asanabadwe."

Ndinagwidwa ndi mantha, koma si mantha othawitsa munthu. Anali ngati aja umamva ukalowa wekha m'tchalitchi chachikulu pakati pa sabata. Kanthu kamene ndinkakaponda pansi osakatola n'komwe kanali ndi chifundo cha munthu m'kati mwake. Tsiku limenelo kunyada kwanga kunaphwa, ndipo ntchito ndinayamba kuikonda.

1981 mpaka 1990: M'maofesi ndi m'nyumba za mabwana

Zaka zimenezi ndinazungulira. Anayamba anditumiza ku nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, kumene agalu ankatilandira bwino kuposa eni nyumba. Ntchito yambiri inali m'makhitchini ndi m'magalaja: chubu chikuphethiraphethira, chubu chikulira ngati njuchi, chubu chada kumapeto. Kenaka anandibweza ku maofesi a ku City Centre, kumene nyumba imodzi inkakhala ndi machubu ochuluka kuposa anthu a m'mudzi mwathu. Kumeneko n'kumene chinthu china chinandizunguza mutu. Kusitolo yathu kunkabwera machubu ochokera ku Mangalande, ena ku Joni, ena ku maiko amene zilembo zake sindinkatha kuwerenga, ndipo maholda ankachokeranso kwina. Mumtima ndinkati tsiku lina chimodzi chikana kulowa basi. Sichinakanepo. Ndinatenga rula n'kuyeza mpata wa pakati pa timapini: theka la inchi, chubu chilichonse, dziko lililonse. Kwathu abale a mimba imodzi amalephera kugwirizana malire a dimba mpaka kusiya kupatsana moni, koma apa anthu osamvana chilankhulo, opikisana pa malonda, anagwirizana pa theka la inchi ndipo palibe anaphwanya. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimangopukusa mutu.

Ndinayamba kutola maholda a mitundu yosiyanasiyana m'magetsi otayidwa, n'kumawasunga m'chitini cha mkaka. Ena anali opotoza, ena ongokankha, ena okhala ndi mphira wa malo onyowa. Loweruka ndinkawayala pamphasa n'kumafanizira mmene mmisiri uyu anaganizira ndi mmene uyo anaganizira. Amayi anu, amene ndinawakwatira mu 1981, ankandiseka. "Amuna anzanu pobwera kuntchito amanyamula kanyama, inu mumanyamula mano a pulasitiki." Tinkakhala ku Mchesi m'nyumba ya zipinda ziwiri yopanda magetsi. Inde, ine wowalitsa likulu lonse ndinkafika kunyumba n'kuyamba kufunafuna machesi. Iwe Tiyamike unayamba sukulu ukuwerengera koloboyi, ndipo m'mawa unkadzuka m'mphuno muli bii ndi mwaye. Zinkandipweteka kwambiri, ngakhale sindinkanena.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachita m'zaka zimenezi chimene muyenera kuchisunga kuti mumvetse za kutsogoloku. Maofesi ankatiitana pafupipafupi, ndipo nthawi zambiri ukafika unkapeza kuti chubu changokhwefuka, palibe chawonongeka. Ndiye ndinayamba kuphunzitsa amesenjala ndi osesa kuti chubu chikamaphethira azingochipotoza pang'ono mpaka amve kuti khe. Ndinkawauza kuti asaope ngakhale swichi ili choyaka, chifukwa holda imawateteza. Ndinawauza ndine, ndi pakamwa pangapa, ndipo ndinkanyadira. Wophunzira wanga wanzeru kuposa onse anali mayi Nachisale, mayi wamasiye wamtali amene ankasesa m'chipinda chosungiramo mafayilo m'nyumba ina yosanja. Chipindacho chinali chapansi penipeni, chopanda zenera, siling'i yake yofupika. Fumbi la mapepala linkakuta machubu, ndiye Lachisanu lililonse mayiwo ankakwera pasitulu n'kuwapukuta ndi nsanza yonyowa. A Munthali anapuma ntchito mu 1990 n'kubwerera ku Rumphi. Potsanzika anandigwira dzanja nthawi yaitali.

1993: Chaka cha "palibe"

Inu mumamva za nthawi imeneyi ngati nkhani ya ndale. Kwa ife amisiri inali nthawi imene katundu wakunja anasowa. Ukapita kusitolo ndi fomu, wosunga katundu ankayankha asanaiwerenge: "Palibe." Tsoka lake, maholda amene tinaika nyumba zija zili zatsopano anakalamba nthawi imodzi. Kutentha kwa zaka zambiri kunawasandutsa achikasu, ndipo ukangowakhudza ankafumbutuka ngati chigumu cha dzana. Ndinkapita kumsika waukulu wa ku Old Town, kumbali ya okhoma zidebe, kukasakasaka akale m'milu ya zitsulo, koma amisiri tonse a mumzinda tinkasaka chinthu chomwecho. Pamenepo m'pamene panabuka kachitidwe kamene tinkati dairekiti. Munthu ankachotsa holda yosweka, n'kusenda waya, n'kuukulunga pa timapini ta chubu, n'kuzinga tepi, chubucho n'kuchimangirira ndi kawaya kuti chisagwe. Chinkayaka bwinobwino. Koma tepi ikatenthedwa imauma n'kumasuka, ndipo chubu chotero ukachipotoza sichidula moto: chimangovula waya n'kukupatsa m'manja.

Chaka chimenecho ndinali wogwirizira udindo wa ukapitawo. Chimene chinatsala ndi kalata yonditsimikiza, ndipo woyenera kuisaina anali a Kamwendo, mkulu wa gawo lathu, munthu wophunzira, wa tayi, amene sanali woipa mtima koma ankaopa kuchita manyazi kuposa china chilichonse. Udindo wa kapitawo unkabwera ndi nyumba ya bungwe ku Area 18: zipinda zitatu, mpopi m'kati, ndi magetsi. Nyumbayo inali yopanda munthu, ndipo Lamulungu lina tinapita kukaiona tonse. Iwe Tiyamike unali mu Sitandade 6; unayatsa ndi kuzimitsa swichi ya pabalaza mpaka amayi ako anakumenya dzanja. Iwo anayeza mazenera ndi chingwe, n'kumanga mfundo pa muyezo uliwonse, ndipo sabata yomweyo anakagula nsalu ya makatani m'masitolo a amwenye. Ku Mchesi anthu anali atayamba kale kutitsanzika.

Lachinayi lina m'mawa a Kamwendo anandiitana. Anati Lolemba kukubwera alendo akunja kudzaona chipinda cha mafayilo chija, ndipo akuluakulu a nyumbayo alamula kuti chiwale. Munali magetsi makumi awiri ndi anayi, koma oyaka anali asanu ndi awiri okha.

"A Kachingwe, machubu alipo?"

"Machubu alipo, bwana. Maholda ndiwo palibe."

"Ndiye mangani dairekiti. Aliyense akutero."

"Bwana, chipinda chija chilibe zenera, ndipo swichi ndi imodzi. Munthu akafuna kugwira chubu sazimitsa, chifukwa akazimitsa ali mumdima. Komanso muli mayi amene amapukuta ndi nsanza yonyowa."

"Timata chikalata kuti pasapezeke wokhudza. Kodi mukuvutikiranji? Mlendo ndi mame, a Kachingwe. Lolemba aona, apita, Lachiwiri mukamasula."

Ndinkadziwa, ndipo iwonso ankadziwa, kuti pantchito pathu chinthu chomangidwa kuti chikhale sabata imodzi chimapuma ntchito limodzi ndi wochimanga. Magetsi akangoyaka, palibe bwana amene angalole kuti uwazimitsenso. A Kamwendo anatsegula fayilo imene inali patebulo, naitembenuza kuti ndione dzina langa.

"Kalata yanu ndi iyi. Ine ndikufuna kusaina. Musandivutitse."

Lachisanu m'mawa ndinanyamula makwerero, machubu ndi tepi, n'kutsikira m'chipinda muja. Ndinapeza mayi Nachisale ali pasitulu, chidebe cha madzi pansi, nsanza paphewa.

"Aphunzitsi, mwatitaya masiku ano! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu. Ana ali bwanji?"

"Alipo, akungodya. Taonani, sindinaiwale." Anatambasula dzanja lonyowalo, osayang'ana n'komwe, n'kupotoza chubu chimene chinkaphethira pamutu pawo. Chinati khe, n'kuwala. Anaseka ngati mwana amene wakhoza samu.

Pano ndiyenera kunena zoona, poti ndikulembera inu osati akuluakulu a mpingo. Mayiwo atatuluka kukataya madzi, ndinakwera makwerero kukona yakutali, ndinasenda waya, n'kumanga chubu choyamba dairekiti. Mumtima ndinkati ndiwauza mayiwo asamakhudze, ndimata chikalata, ndizinga tepi kawiri. Ndinkaona nyumba ija, ndinkaona iwe Tiyamike ukuwerenga patebulo popanda utsi. Chubu chinayaka, kona yonse n'kuyera mbee. Potsika ndinaponda holda yakale imene ndinali nditaichotsa n'kuigwetsa, ndipo chizolowezi chinanditoletsa. Inali yosweka mbali zonse, makutu ake atathothoka, yachikasu ngati dzino la wosuta fodya. Koma pakati pake kagudumu kanali kadakali m'malo, ndipo timasamba ta mkuwa tinali tidakali kuseri, tobisika. Ndinayesa ndi chala chaching'ono monga tsiku loyamba lija, ndinalephera kutifikira. Kanthuko kanagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pamoto, kanatha, koma kanafa katabisabe moto. Munthu wosawadziwa mayi Nachisale anawateteza mpaka pamapeto, ndipo ine wodziwa dzina lawo, ine amene ndinaphunzitsa dzanja lawo kusaopa, ndinali nditangowatchera msampha pamwamba pa mitu yawo. Chikalata sichikanathandiza: dzanja lozolowera siliwerenga, ndipo mayiwo akadwala pankabwera wina.

Ndinakweranso n'kumasula chubu chija. Lachisanu lonse ndi Loweruka ndinagwira ntchito ina. Chubu chilichonse chimafuna maholda awiri, ndipo magetsi ambiri akufa anali ndi imodzi yamoyo, ndiye ndinazichotsa n'kuziphatikiza ziwiriziwiri. Ndinakhuthula ngakhale chitini changa cha kunyumba. Pomaliza magetsi khumi ndi atatu anayaka, ndipo ndinawasanja pamwamba pa matebulo ndi m'tinjira ta pakati pa mashelefu. Otsalawo ndinawadula moto kuchokera kubokosi n'kuwasiya opanda machubu. Chipinda chinawala mokwanira kuwerenga fayilo, koma ukayang'ana kumwamba siling'i inali ndi magweru.

Lolemba alendo anabwera. Ine sindinalipo, koma amesenjala anandiuza kuti mmodzi anayang'ana kumwamba n'kufunsa, ndipo a Kamwendo anayankha akumwetulira, thukuta lili kamukamu. Masana anandiitana. Sanakalipe.

"A Kachingwe, ndinakupemphani ngati munthu wamkulu. Mwandivula pamaso pa alendo."

"Pepani, bwana. Dzanja linakana."

"Dzanja lanu lili ndi nyumba?"

Anatenga fayilo ija n'kuiika m'dirowa ya pansi.

Zotsatira zake

Patatha mwezi, udindo unapatsidwa kwa a Zimba, mnzanga amene tinalowa ntchito chaka chimodzi, ndipo nyumba ya ku Area 18 inapita kwa iwo. Ine anandibwezera ku makhitchini a ku Area 10, ndipo ndinakhala mmisiri wamba mpaka tsiku lopuma. Mukufuna kumva kuti kwinakwake munthu anagwidwa ndi dairekiti, ndipo onse anabwera kudzandipepesa. Sizinachitike. A Zimba anamanga dairekiti m'nyumba zingapo ndipo sindinamve kuti wina anafa. Maholda anayambanso kubwera patapita zaka ziwiri. Mayi Nachisale anapukuta machubu awo mpaka anakalamba n'kubwerera kwawo ku Nkhoma. Umboni woti ndinapulumutsa munthu ndilibe, ndipo sindidzakhala nawo. Chimene ndili nacho ndi chakuti tinakhala ku Mchesi zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo iwe Tiyamike unalemba mayeso onse a sekondale ndi koloboyi. Magalasi amene umavalawo ndikawaona mtima umandiwawa, ngakhale adokotala anati si chifukwa chake.

Chinandivuta kuposa zonse chinali kuwauza amayi anu. Tsiku limene dzina la a Zimba linamatidwa pabolodi ndinaweruka msanga, ndipo ndinawapeza pakhonde akusoka makatani aja pa makina obwereka kwa oyandikana nawo. Awiri anali atatha kale, atawapinda bwino padengu. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira Lachinayi lija, osabisa ngakhale za chubu chimene ndinamanga n'kumasula. Makina analeka kulira. Amayi anu anayang'ana nsaluyo, ndipo ine ndinkadikira mawu alionse amene akanandilasa nawo, chifukwa anali ndi ufulu wotero.

"Abambo a Tiyamike, mayi ameneyo mwati ndani?"

"Nachisale."

"Ali ndi ana?"

"Anayi. Bambo wawo anamwalira."

"Akudziwa zimene mwachitazi?"

"Ayi."

"Musakawauze. Munthu asamayende atasenza nyumba ya eni pamutu."

Anadula ulusi ndi mano, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje kamodzi kokha. Kenaka anandiyang'ana ngati ndawachedwetsa.

"Nanga mwakhaliranji? Parafini watha, ndipo mwanayu ali ndi mayeso mawa. Botolo lili kuseri kwa chitseko."

Ndinatenga botololo, ovolosi ya zamagetsi idakali m'thupi, n'kupita kukaima pamzere wa parafini.